Disiki Pansi pa Mwendo wa Tebulo

Ndinaiwala kuyatsa swichi ya pakhoma. Kanthu kochepa, koma ndinakachita pamaso pa alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amene amaphunzitsa pa yunivesite ku Luwinga.

Ndinawaitanira m'kachipinda momwe ndimasunga makompyuta atatu otha ntchito amene ndinawadzutsa ndekha. Imodzi ndi seva: imasunga makope a zithunzi ndi mapepala a abale ndi aneba kuno ku Mzilawaingwe, kuti foni ikabedwa munthu asalire kawiri. Ndinali nditagula disiki yatsopano yaikulu, ndiye ndimafuna andione. Ndinadina batani, zii. Ndinatsegula bokosi, kugwedeza mawaya, thukuta kamukamu m'mwezi wozizira. Alamu anangotambasula mwendo n'kukankha swichiyo ndi chala chakuphazi. Fani inayamba kuzungulira.

"Injiniya wa pa intaneti," anatero. "Sukulu njabwino, mulamu."

Akazi anga anaseka nawo. Iwowo ndinawakhululukira. Alamu ayi.

Pa disiki yakale panali kafukufuku wawo wa digiri yapamwamba, ntchito ya zaka zitatu, amene anakopera pamenepo tsiku lina akusindikiza mapepala kwathu. Posamutsa zinthu ndinalumbira kuti za aliyense zipita ku disiki yatsopano, kupatula zawo. Ndinalemba lamulo louza seva zoti ikopere mosamala, lilime lili panja. Disiki yakaleyo ndinaiika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkatsimphina. Ndikamamwa tiyi ndinkatsamira dala mbali imeneyo.

Sipanathe mwezi, mvula yathu ya ku Mzuzu inawapeza pa kabaza, laputopu ili m'chikwama chansalu, ndipo sinayakenso. Anafika osagogoda.

"Monire, mulamu. Kompyuta yanu ija ikuyenda?"

"Ikayatsidwa ndi ophunzira, imayenda."

"Mapepala anga aja alipo?"

Ndinawalozera pansi pa tebulo. Anagwada, buluku la suti pasimenti, mphuno pafupi ndi swichi yomwe ija. Ine ndinanyamula tebulo pang'onopang'ono ngati wodwala msana. Titailumikiza, disikiyo inangoti kete, kete, kete, n'kukhala chete. Alamu anakhala pansi pomwepo, manja pamutu. Sanandinyoze, ndipo zimenezo zinandisokoneza, chifukwa mayankho ndinali nditakonzeratu.

Chimene sankadziwa n'chakuti ngakhale kubwezera kunandikanika. Lamulo langa lija ndinalilemba molakwika, ndipo seva inakopera zonse, zawo zomwe. Ndinaziona sabata yoyamba, koma dzanja linakana kufufuta.

Sindinawauze msanga. Ndinapempha tiyi. Ndinawafotokozera, mosathamanga, chifukwa chake disiki siyenera kugwedezeka. Anamvetsera ngati mwana wa Fomu Wanu, akungoti, "Eya, mulamu." Kapu yachiwiri itatha, ndinati pali kanthu kamodzi koyesa, koma pafunika kuzimitsa ndi kuyatsanso pakhoma.

"Ndi dzanja, alamu. Phazi limaononga."

Anayatsa ndi dzanja. Atawona mitu yonse isanu ndi umodzi ya kafukufuku wawo ili bwinobwino, anandigwira manja onse awiri.

"Yewo chomene, a Injiniya."

Za intaneti sanatchule.

Atapita, mayi a nyumba yoyandikana nafe, amene anamva zonse akuyanika zovala pafupi ndi windo, anandiitana pampanda.

"Ada, ine sindinakusekenipo, mukudziwa. Ndiuzeni chilungamo: zithunzi za ukwati wa mwana wanga zili pansi pa mwendo uti?"