Ulendo Wokapempha Dzina ku Linthipe

Mwana wathu woyamba anafika pomaseka ndi pomatembenuka yekha pamphasa alibe dzina. Sikuti mayina anatisowa ayi. Ineyo, ngakhale sukulu ndinailekeza panjira, ndinali nditawerenga mabuku okwanira kutcha mayina mudzi wonse pamodzi ndi agalu ake. Chinatipweteka ndi ulemu.

Kwathu ndi ku Linthipe, ku Dedza. Boma linanditumiza ku Rumphi kukagwira ukalaliki ku ofesi ya zaulimi, zaka zija tinkangoyamba kuzolowera zovotera zipani zambiri. Kumeneko ndinakwatira mphunzitsi wa ku Nchenachena, mwana wa mkulu wa mpingo. Kwa apongozi anga, munthu ukalowola, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo dzina limachokera kwa makolo a bambo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mayi anga atamva kuti mdzukulu wabadwira m'nyumba ya anthu ophunzira, anangoti eni ake atcha kale. Mbali iliyonse inakhala phee kudikira inzake, mwaulemu waukulu zedi. Mwanayo tinkangomutchula kuti "uyu."

Zinafika povuta abusa atalengeza tsiku la ubatizo wa ana. Apongozi aamuna anandiitanira pakhonde, atavala tayi ngati kuti tikukambirana za maliro.

"Apongozi," anatero, "abusa sabatiza 'uyu.' Lamulungu likubwerali lisanakwane, mwana akhale ataonana ndi agogo ake."

Ndinayesa kunena kuti titumize uthenga. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Dzina salitumiza ngati nyemba. Wotcha amayamba wamunyamula mwanayo."

Inali nthawi ya dzinja, ndipo mabasi ankati akanyamuka, tsiku lofika ankalidziwa ndi Mulungu yekha. Mlamu wanga, amene ankagwira ntchito ku Mzuzu, anatikonzera zoti tikwere ndege mpaka ku Lilongwe. Ndinavomera mwachangu ngati munthu wozolowera. Ndege ndinali nditaiwerenga kwambiri.

Za makanda nazonso ndinali katswiri. Ndinali ndi buku lopanda chikuto limene ndinagula pansi mumsika wa ku Mzuzu, lolembera ana a kumayiko ozizira. Ndinalongedza monga linanenera: mabulangete, zipewa zaubweya, madzi ofunda m'fulasiki, thonje, ndi bukulo pamwamba. Chikwama chinakana kutseka. Mkazi wanga anatenga zitenje ziwiri ndi matewera, n'kubereka mwana.

"Zatha?" ndinafunsa.

"Chakudya chake ndili nacho pano," anatero, akuloza pachifuwa. "Kapena bukulo likuti tichisiye?"

Tinakwera matola m'mawa, kumbuyo kwa galimoto yodzaza nthochi ndi anthu. Tisanafike n'komwe pa Mhuju, mayi wina amene sitinkamudziwa anatambasula manja, mkazi wanga n'kumupatsa mwana ngati akupereka chenje. Kuchoka apo mwana anayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa gogo wina amene anakhalira thumba la makala. Buku langa linkaletsa zimenezi pa tsamba lathunthu. Mwanayo, amene sanaliwerenge, ankangoseka.

"Dzina lake ndani?" anafunsa gogoyo.

"Sanatchedwe, amama," ndinayankha.

Galimoto yonse inatembenukira kwa ine. Anayamba kundikambirana m'Chitumbuka, mofulumira, ndipo chimene ndinatolapo n'chakuti ndine wa ku chigawo chapakati ndipo zimenezi zinkafotokoza zonse.

"Adada, ngakhale mbuzi ya kwathu ili ndi dzina," anatero gogoyo m'Chichewa, kuti zindifike bwino.

"Yewo chomene," ndinathokoza. Anali mawu a Chitumbuka okhawo amene ndinkawatchula bwino.

Patsogolo pang'ono galimoto inatitimira m'matope. Amuna tonse tinatsika kukakankha. Ine ndinali nditavala suti yanga ya ukwati, poganiza kuti m'ndege salowamo munthu wamba, ndipo ndinasankha malo abwino kwambiri okankhira, kumbuyo kwenikweni kwa tayala. Titafika ku Mzuzu ndinali wofiira kuyambira kutayi mpaka kunsapato. Mwana anali waukhondo ngati watuluka kumene m'bafa.

Pabwalo la ndege mayi wolemba okwera anafunsanso funso lomwelo. Nditamufotokozera kuti dzinalo ndi limene tikukatenga, anaika cholembera pansi n'kuitana mnzake kuti adzamve yekha.

Ndegeyo inali yaing'ono, phokoso lake ngati chigayo. Itangodzuka, mwana anatsegula kukamwa n'kulira kulira kumene sindinakumvepo. Apa ndiye ndinati nthawi yanga yakwana. Ndinayamba kumufotokozera mkazi wanga za mpweya ndi zimene umachita m'makutu munthu akakwera m'mwamba, ndikufufuza tsamba lake. Ndisanalipeze, iye anali atamupatsa kale bere, ndipo mwana anali zii.

Kenako ndinalakwitsa kusuzumira pawindo. Mitengo inali ngati udzu. Ndege inagwa pang'ono, n'kudzukanso. Ndinagwira mpando ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu, ndikunong'oneza nyimbo ya kutchalitchi imene sindinkadziwa kuti ndinailoweza.

"Bukulo silinanene chomupatsa bambo wake?" anandifunsa mkazi wanga.

Tili chapakati, mwana anachita zimene ana amachita akakhuta. M'kandege kotero fungo silisankha munthu. Bwana wina wa jekete lakuda, amene anakhala kutsidya kwa kanjira, anakweza nyuzipepala yake mpaka inamuphimba nkhope. Mkazi wanga anasintha thewera pamiyendo pake mosatekeseka, n'kundipatsa lakudalo. Ndinalikulunga m'chipewa chimodzi chaubweya n'kulifukata mpaka titatera pabwalo la ndege ku Lumbadzi. Pa katundu yense amene ndinalongedza, chipewacho n'chokhacho chinagwira ntchito.

Kuchoka apo inali minibasi mpaka mutauni, ina mpaka pa Linthipe, kenako wapansi. Tinapeza mayi anga akusenda chimanga chachiwisi pansi pa mtengo wa mango. Analulutira, n'kumulanda mwana kumsana kwa mayi ake, ine osandiyang'ana n'komwe kupatula kufunsa ngati ndagwa m'dambo.

Titapuma ndinawauza chimene tabwerera. Anasiya kumuvinitsa mwanayo.

"Iwe, ukuti chiyani? Mwana wamkulu chonchi alibe dzina? Anthu ophunzira aja akhala akutani?"

"Akudikira inuyo, amayi."

"Ine? Nditche mwana wa eni ake? Aziti mayi wa ku Dedza uja ndi wolanda? Bwererani naye, akamutche akuchikazi."

Anatiuza zimenezi akumupereka mwana kwa mkazi wanga. Ndinaona ulendo wonse uja, matope, ndege, chipewa, ukubwerera chimanjamanja, ndiponso apongozi anga ataima pakhonde ndi tayi yawo. Ndinayamba kufotokoza kusiyana kwa miyambo ya mitundu ya anthu, monga ndinawerengera penapake. Mayi anandidula.

"Zako za m'mabukuzo ukawauze a ku ofesi."

Mkazi wanga sanamulandire mwanayo. Anagwada pansi, manja ali kumbuyo.

"Amama, kwathu sangamutche. Akatero ndiye kuti akunena kuti mwanayu alibe kwawo kwa bambo ake. Lamulungu anzake onse abatizidwa. Mukatibweza, uyu atsala pabenchi."

Mayi anatsala ndi mwana ali lende m'manja mwawo. Kenako anamubweza pachifuwa, n'kumuyang'anitsitsa: mphumi, makutu, zala. Mwanayo, atatopa ndi kuunikidwa, anakwinya nkhope n'kutulutsa mlomo wam'munsi.

"Ha! Taonani mkwiyowo," anatero mayi. "Ndimaudziwa ine umenewu. Ndakhala nawo m'nyumba zaka zonse."

Anamutcha dzina la malemu bambo anga. Analitchula kawiri, pang'onopang'ono, dzina limene anali asanalitchulepo pamaso panga chibadwire, chifukwa mkazi wa kwathu satchula mwamuna wake. Atatero analowa m'khola n'kutuluka ndi tambala, mphatso ya wotcha dzina, n'kundipatsa ine kuti ndinyamule.

"Ndipo iwe usamamutchule dzina ngati mnzako," anandichenjeza. "Amenewa ndi bambo ako."

Pobwerera tinakwera basi, chifukwa za tambala m'ndege ngakhale mlamu wanga sakanazitha. Tambala anali pansi pa mpando, mkazi wanga akuwodzera, ndipo bambo anga anali pamiyendo panga, akundikoka tayi. Titadutsa pa Jenda ndinamva kutentha kukuyenderera pa thalauza langa. Mayi wa pampando wakutsogolo anacheuka, n'kuona chithaphwi, n'kuseka.

"Mwana wanu wakudalitsani, bambo."

"Si mwana, mayi," ndinatero, ndikufufuza thewera louma m'chikwama. "Ndi akuluakulu awa. Tikuthamangira nawo ku ubatizo."