Thumba Pagalasi la Lole

Linali thumba lakale la feteleza, loyera koma lothimbirira m'makona, ndipo linkakhala kuseri kwa mpando wa lole imene abambo ankayendetsa. Masiku amenewo madalaivala ambiri a pa Lizulu analibe foni. Lole ikakhala yopanda katundu, dalaivala ali wokonzeka ulendo, ankamangirira thumba lopanda kanthu pagalasi la m'mbali. M'mawa uliwonse akapitawo, bambo amene ankagawira malole katundu wa alimi, ankadutsa pa njinga mumsewu waukulu akuyang'ana magalasi. Akaona thumba sankafunsanso. Ankangokauza eni kachewere kuti galimoto yapezeka.

Lamulo lake aliyense ankalidziwa: ukamanga thumba, walonjeza. Wokana katundu thumba lili pagalasi ankamudumpha mpaka kachewere atatha. Kwa abambo, amene lole sinali yawo, ntchito ikanathera pomwepo.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nyengo yachisanu, milomo yong'aluka, nkhungu yosachoka mpaka dzuwa litakwera. Amayi anali chigonere kuyambira pamene tinkakolola chimanga. Ndimakumbukira chifuwa chawo chomveka mpaka panja, ndi dzanja lawo lopepuka ngati phesi akandigwira pamutu. Kumanga thumba inali ntchito yanga, ndipo ndinkainyadira kuposa sukulu.

"Sabata ino usamange," abambo anatero Lolemba. "Amayi ako sali bwino. Ndikhala pakhomo."

Koma anali atandilonjeza kale kuti ulendo wotsatira wa ku Limbe ndidzakwera nawo kutsogolo, ndipo ine ndinali nditauza anzanga onse. Mwana saona imfa ikubwera, anthu amatero pofuna kunditonthoza. Ine ndinkaona kuti amayi akudwala. Ndinkangofuna Limbe kwambiri.

Lachitatu m'mamawa ndinakwera pa tayala, zala zitauma ndi chisanu, n'kumanga thumba lija. Kenako ndinabisala kuseri kwa nkhokwe.

Abambo anatuluka ndi kapu ya madzi osukusula. Anaima n'kuliyang'ana thumbalo nthawi yaitali. Mumsewu munalibe munthu. Anakhuthula madziwo pansi osasukusula, n'kubwerera m'nyumba.

Patapita nthawi belu la njinga linalira.

"Adalaivala! Ine ndimati mwayamba kufungatira mazira!" anakuwa akapitawo. "Kachewere wadzaza pamsikapo. Limbe, lero lomwe. Alamu adzukako?"

"Adzuka pang'ono," anayankha abambo. "Tamva, akapitawo."

Ndinathamangira ku chitseko cha lole nsapato zili m'manja. Abambo sanandikalipire. Anamasula thumba, analipinda bwinobwino, ndipo anati, "Iwe tsala. Uziwapatsa madzi amayi ako."

Amayi anatisiya Lachisanu masana. Amalume anathyola nthambi zamasamba n'kuziika pamsewu, monga timachitira pa maliro kuti odutsa achepetse liwiro. Loweruka ndinamva lole ikubwera, phokoso lake ndinkalidziwa pakati pa malole onse. Itafika pa masamba aja inachepetsa liwiro, kenako injini inazima kutali ndi nyumba. Abambo anabwera wapansi, chipewa chili m'manja.

Sanafunsepo kuti anamanga thumba ndani. Ndinadikira funsolo pamaliro, ndinalidikira pamene ankandiperekeza ku sekondale, ndinalidikira mpaka nawonso tinawaika m'manda.

Lero ine ndiye kapitawo, ngakhale kuofesi amanditchula dzina lina. Matumba anatha. Dalaivala amangotumiza uthenga pafoni: ndatsitsa, ndili pa Nsipe, mulipo katundu? Mkazi wanga anamwalira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Sabata yake yomaliza m'chipatala abwana anandipatsa tchuthi, ndipo anandiuza okha kuti ndizimitse foni. Sindinazimitse. Ikalira ndinkatuluka m'wodi mofulumira, n'kukaima pakhonde pomwe panali mphepo komanso anthu oyankhula zinthu wamba. Tsiku lomaliza dalaivala wina analemba kuti ali ku Bwanje wopanda katundu. Aliyense kuofesi akanatha kumupezera mpunga wonyamula. Ndinamupezera ine, ndipo sindinafulumire. Pobwerera ndinapeza anamwino atatchinga bedi ndi nsalu.

Sindikudzichotsera mlandu wa thumba lija. Ndinamanga ndine. Koma masiku ano ndikakumbukira m'mawa umenewo, sindidziona ine kuseri kwa nkhokwe. Ndimaona abambo, amene anali atakhala masiku awiri athunthu pambali pa mphasa ya amayi akumvera mpweya wawo, ataima ndi kapu m'manja, msewu uli zii. Mfundo ya thumba lija inali yomanga mwana. Kukoka kamodzi kokha ikanamasuka.

Ine ndili kuseri kwa nkhokwe ndinkasangalala, poganiza kuti abambo sanaganize zolimasula.