Theka la nkhope ya amayi ku Thyolo

Ndinanyamuka ku Limbe 7 koloko m'mawa pa minibasi ya ku Luchenza. Kondakitala anandilipiritsa K5,000 mpaka pa Thyolo boma, n'kundipanikiza pakati pa thumba la feteleza ndi bambo wina amene anayamba kuliza mkonono tisanafike n'komwe pa Bvumbwe. Sindinadandaule. Ndinkapita kukaona nkhope ya amayi anga.

Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu, ndipo kunyumba kunalibe chithunzi chawo. Nkhope yawo inandithawa kalekale. Koma azakhali anandiuza kuti chaka china amayi anaposa anzawo onse kutchola tiyi pa esiteti, anapatsidwa bulangete, n'kujambulidwa. Chithunzicho akuti chikadali mu ofesi ya pa esitetipo.

Pa boma ndinagula chinangwa chophika cha K500, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto.

"Mukukafuna ganyu, mayi?" anandifunsa wa kabazayo. "Ndi nsapato za gogodazo?"

Tinatsetsereka mumsewu wa dothi lofiira, tiyi mbali zonse, azimayi atabereka madengu kumsana. Aliyense ndinkamuyang'anitsitsa ngati wandibera kanthu.

Cha m'ma 11 koloko kalaliki wa pa ofesi anandilozera khoma. Panali mamanijala okhaokha, aliyense ndi dzina lake pansi. Chithunzi chimene ndinkafunacho ndinachipeza pafupi ndi chitseko cha kukhitchini: bwana ndi kapitao atagwira bulangete, azimayi anayi kumbuyo. Pansi analemba dzina la bwana, la kapitao, kenako "ndi otchola tiyi". Basi.

Ndinasankha wapakati, wamtali ngati ine, womwetulira. Misozi inangoti mbwembwembwe.

Mayi wina wachikulire, a Fanesi, ophika tiyi pa ofesipo, anaima ndi thireyi m'manja.

"Mukulira ndani pamenepo?"

"Amayi anga, a Esinati."

"Iii, mwanawe! Ameneyo ndi Dorofe, ali moyo, akugulitsa makala ku Khonjeni. Esinati ndi uyu."

Analoza kumapeto kwenikweni. Kamayi kakafupi, koonda, nkhope itadulidwa pakati ndi felemu, manja kumbuyo.

"Anabisa manja dala," anatero a Fanesi. "Zala zinali bii, zong'alukang'aluka ndi tiyi. Ankachita nazo manyazi. Komatu bulangetelo analiwina ndi zala zomwezo."

Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Sindinawazindikire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa maliro awo.

Nditapempha kuti mayina alembedwe, kalaliki anati zimenezo n'za abwana. A Fanesi sanadikire abwana. Anatula thireyi, anachotsa chithunzi pakhoma, anachitembenuza, n'kusolola cholembera m'thumba la malaya a kalalikiyo, n'kundipatsa.

"Lembani. Esinati. Dorofe. Wachitatuyu Agine."

"Nanga wachinayiyu?"

Anagwira pakamwa, n'kupukusa mutu.

"Anachokera ku Mozambique uyu. Ife tinkangoti make mapasa."

Ndinalemba chomwecho.

Pobwerera, 3 koloko itakwana, ndinapeza mpando wa pawindo. Ulendo wonse maso anali pa foni, pa theka la nkhope limene ndinajambula, kufunafuna mphuno yanga, chipumi changa. Ndawasowa amayi zaka zonsezi, koma tsiku limenelo ndinawasowa koposa. Ndaona kuti khoma limasunga mayina a ogwira bulangete, pomwe dzina la amene analiwina lili m'mutu mwa a Fanesi, ndipo a Fanesi akukalamba. Mapasa aja sindiwadziwa. Koma akadzafika pa ofesi ija adzatembenuze chithunzicho, asadzalirire mayi wa eni ngati ine.