Mfumukazi ya Timizimu ku Tafara

Mayi amene tayandikana nawo nyumba kuno ku Tafara ndi mfumukazi. Ufumu wawo uli m'foni, m'masewero a pa WhatsApp momwe aliyense amakhala kamzimu kamapiko kobisala m'Harare muno, n'kumalimbirana mpando. Analowamo pofuna kuona chimene chikuwononga mdzukulu wawo. Mdzukuluyo anatopa nawo kalekale, koma iwo ndiye akulamulira timizimu tonse kuyambira kuno mpaka ku Hopley.

Kutchalitchi amasinza ulaliki usanafike pakati, koma msonkhano wa nduna zawo sauphonya. Mawu awo ndi amodzi: "Ine ndale ndimadana nazo." Amatero uku akulemba ndi chala chimodzi chilango cha kamzimu kogalukira.

Mwezi watha roja wawo Nelio, amene amachita lendi m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo, anapangana ndi timizimu ta ku Warren Park n'kuwalanda mpando. Mayi anamuyamikira pagulupo mwaulemu wonse. Kutacha, Nelio anapeza chitsime cha pakhomo atachikhoma ndi loko, pomwe mipopi inali itauma kwa masabata awiri.

"Mayi, ajatu ndi masewero chabe," anadandaula motero, ndowa ili m'manja.

"Eya mwanangu, masewero. Uwauze anthu ako a ku Warren Park adzakutungire."

Mfumu yatsopanoyo inalamulira masiku atatu osasamba. Tsiku lachinayi inatula pansi udindo, ati chifukwa cha kudwala. Mayi anabwerera pampando monyinyirika kwambiri, poti anthu anachita kuwakakamiza.