Mmawa Umene Amayi Anakwera Njinga ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene dzanja lamanja la atate linafa. Tinkakhala ku Chawama, m'nyumba imene agogo anamanga atabwera kuchokera ku Dedza kudzafuna ntchito mu Lusaka. Atate ankagawa buledi ndi mabanzi m'tuntemba, timagolosale ta m'komboni, pa njinga yamoto yofiira imene utoto wake unali utafwifwa ndi dzuwa. Tsiku lina anagwa akusamba. Pochokera kuchipatala anabwera akukoka mwendo, dzanja lili lende, lilime litalemera moti mawu ankatuluka amodziamodzi.

Njinga inaima pakhonde, fumbi n'kuyamba kuikuta. Atate aang'ono, ba Yobe, atabwera kudzazonda odwala, anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mulamu, gulitsani ichi chinthu chikalibe kuola," anawauza amayi.

Amayi anali kusankha tomato woti akagulitse pamsewu. Sanadzutse n'komwe mutu. "Sitigulitsa. Nizayendetsa ine."

Ba Yobe anaseka, ndipo pofika madzulo mzere wathu wonse unali utamva kuti amake Zelipa, ndiye kuti amayi anga, afuna kukwera njinga yamoto. Koma amayi sankanena zocheza. Anapempha ba Mulenga, mnzawo wa atate wa kutchalitchi, kuti aziwaphunzitsa pabwalo la mpira. Anagwa kangapo, chigongono chinasupuka, koma ankadzuka n'kukweranso. Mwini bekale amene atate ankagwirako ntchito anavomera monyinyirika kuti adzawayesa tsiku limodzi. Buledi akapanda kufika, njira ya atate aipereka kwa wina.

Pamene amayi ankaphunzira kuyendetsa, ine ndinali pa sukulu ina pakhonde. Atate ankakhala pa kampando, n'kumaloza ndi dzanja lamanzere, pena ndi chibwano. "Manja yanga ni iwe manje," anandiuza tsiku loyamba, ndipo mawu ochepawo anawatulutsa thukuta.

Mmawa uliwonse, ndisanavale yunifomu, injini idakali yozizira, ndinkasolola kandodo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera, n'kukasololanso kuti atate aone. Oyilo wabwino ankaoneka ngati uchi. Akada ngati madzi otsukira makala, tinkamukhetsa n'kuthira watsopano. Kenako ndinkakankha tcheni ndi chala kuti ndimve ngati chakhwepa kapena chathina kwambiri. Fumbi la ku Chawama nthawi ya chilimwe limalowa paliponse, ndipo likasakanikirana ndi mafuta limadya tcheni ngati chiswe. Choncho Loweruka ndinkachikwecha ndi mswachi wakale woviika m'palafini, kuchiumitsa, n'kudontheza oyilo. Tsiku lomwelo ndinkachapa kasiponji kosefa mpweya wolowa mu injini. Matayala ndinkawazunguza pang'onopang'ono kufunafuna misomali ndi magalasi osweka, n'kuwadina kuti ndione mpweya. Chomaliza chinali mabuleki. Atate sankalola kuti ndingofinya chogwirira n'kuchoka. Ndinkayenera kutsata waya wa buleki ndi maso ndi zala, kuyambira pa chogwirira mpaka kugudumu.

Sindinganame kuti ndinkasangalala nazo. Anzanga ankasewera waida, masewera odumpha chingwe, pamsewu, ine ndili chogwada pa simenti. Zikhadabo zanga zinada, ndipo fungo la palafini linkanditsata mpaka m'kalasi, moti mtsikana amene ndinkakhala naye pa desiki anayamba kunditcha makanika. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti masiku onsewo sindinkapeza vuto lililonse. Ndinkangoyang'ana zinthu zabwinobwino.

Tsiku loyesedwa lija linafika. Amayi anavala buluku la atate mkati mwa chitenje, ndi chipewa cholimba chimene chinkawakulira pang'ono. Makileti a buledi, opanda kanthu, anali atamangidwa kale kumbuyo. Azimayi oyandikana nafe anali panja, ena akusesa malo osesa kale, maso ali kwathu. Ine ndinachita zanga monga mwa masiku onse. Nditafika pa waya wa buleki yakutsogolo, pafupi ndi chogwirira, china chake chinandibaya chala. Nditakankha kalabala kophimba pamenepo, ndinaona timawaya ting'onoting'ono titaduka n'kunyanyuka ngati ndevu za chimanga. Totsala tinali tochepa. Kugwa kwa pabwalo la mpira kuja kuyenera kuti kunali kutamupweteka.

"Amayi, waya yadyeka. Simungayende."

"Zelipa, choka. Nachedwa kudala."

"Buleki izaduka pa njira."

Amayi anakumbutsa za dzulo lake: "Mailo yenze kugwira bwino. Choka, nakuuza."

Kufikira tsiku limenelo ndinali ndisanawakanirepo amayi chilichonse. Koma ndinaima kutsogolo kwa njinga, gudumu lili pakati pa miyendo yanga, n'kugwira mahandulo ndi manja onse awiri. Amayi anandiyang'ana ndi diso limene masiku ena linkandithawitsa, ndipo azimayi aja anasiya kusesa.

Kenako tinamva phazi likukhwekhwereza pa simenti. Atate anali atadzuka okha pa kampando kaja, osagwiridwa ndi munthu. Anafika, anawerama, anayang'ana wayayo, n'kutembenukira kwa amayi.

"Sika," anatero, kuwauza kuti atsike panjinga. Kwa ine anati, "Kumbuyo kwa chitseko."

Pamsomali wa kumbuyo kwa chitseko panali waya watsopano wokulungidwa, amene anagula asanadwale. Ndinali ndisanasinthepo waya. Atate ankaloza, ine ndikumasula ndi sipanala, ndipo kanati kamodzi komangira waya kanagwera m'fumbi mpaka mlongo wanga wamng'ono anakatola. Nditamanga, atate anafinya buleki ndi dzanja lawo lamoyo, anandiuza kuti ndithinitse pang'ono, anafinyanso, n'kugwedeza mutu. Amayi analiza injini n'kunyamuka osandiyang'ana. Dzuwa linali litakwera kale.

Kusukulu tsiku limenelo sindinamve chilichonse chimene aphunzitsi ananena. Ndinkangoganiza kuti ngati mwini bekale wawabweza chifukwa chochedwa, mlandu ndi wanga.

Masana nditangofika pakhomo ndinamva kulira kwa injini yathu, kumene ndinkakuzindikira pakati pa njinga zonse. Amayi anatulukira pa ngodya ya msika, msana uli chilili, makileti ali gwa, opanda ndi banzi lomwe, ana a m'komboni akuwathamangira pambuyo. Mayi wina wa Chibemba amene poyamba ankawaseka kwambiri amayi ndiye anayambitsa nthungululu.

Amayi anazimitsa injini, n'kuvula chipewa. Kenako anafotokoza. Mwini bekale anadandaula za kuchedwa, koma buledi yense anafika, ndipo anawauza kuti mawa abwerenso. Ndiye anatsitsa mawu. Pa msewu wa ku Kafue, minibasi imene inali patsogolo pawo inaima mwadzidzidzi kuti itole munthu. Iwo anafinya buleki ndi mphamvu zawo zonse, ndipo gudumu lakutsogolo linaima litatsala pang'ono kupsompsona chitsulo cha minibasiyo.

Sanapepese, amayi sanali munthu wa mawu otero. Anangotenga manja anga awiri, akuda choncho, n'kuwagwira nthawi yaitali pamaso pa anthu onse. Atate anaseka ndi theka la pakamwa pawo. Kanali koyamba kuwamva akuseka chidwalireni.

Amayi anayenda njira imeneyo zaka zambiri, ndipo buledi ameneyo ndiye anatiphunzitsa tonse. Lero ndili ndi njinga yangayanga, ndipo sindiiliza ndisanaizungulire ndi maso ndi zala, ngakhale masiku ambiri sindipeza kanthu. Ndinazindikira kuti masiku opanda kanthuwo ndiwo amagula tsiku limodzi lija. Koma chimene ndinachedwa kumvetsa n'cha atate. Ndinkayesa kuti ankandivutitsa chifukwa chokonda njinga yawo. Tsopano ndikuona kuti munthu amene sakanathanso kukwera anali atapeza njira yoperekezera mkazi wake pamsewu mmawa uliwonse, ndipo anadzera m'manja mwanga.