Buku lachiwiri lomwe sindinamalize kutaipa

Ena muti ndapeka, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, ndipo mwana wanga ali moyo, mutha kumufunsa. Kampani ya boma itagulitsidwa, ife otaipa tinachotsedwa ntchito, ndiye ndinachita lendi kachipinda pafupi ndi City Market n'kumataipira anthu makalata.

Kumeneko kunabwera bambo wina wa suti, wolankhula mofatsa, yemwe anati amakhala ku Woodlands ndipo amalemba mabuku a akuluakulu a zamatsenga. Loyamba, akuti, linali la sing'anga woyenda m'mitsinje ya pansi pa nthaka, ndipo lachiwiri ndi lomwe ankandibweretsera mutu umodziumodzi. Poyamba ndinkalikonda, nanga si nkhani yake inali yokoka mtima?

Kukayikira kunayamba pamene m'nkhanimo munalowa mayi wamasiye wa ku Kabwata, wa mwana wamkazi wotsimphina. Wanganso amatsimphina, koma ndinati zangofanana, amasiye ku Kabwata ndine ndekha ngati? Koma mutu wotsatira unatchula chipsera cha phala pantchafu ya kumanzere ya mayiyo, pamene pali changa penipeni. Munthu wongondiona nditavala akanachidziwa bwanji? Nditamufunsa anangoseka, akunditcha ba mayo, ndiko kuti amayi, nati ndisaope, wolemba amangolota.

Tsiku lina m'mawa anasiya mapepala n'kutuluka mofulumira. Ndili mkati motaipa, ndinawerenga kuti sing'anga uja akufuna mthunzi wa mwana wotsimphinayo kuti atsegulire chipata cha akufa, ndipo akukamutenga pageti ya sukulu ponama kuti ndi amalume ake. Ndinanyamuka kuthamangira kusukulu ya mwana wanga, ngakhale chitseko sindinatseke. Minibasi inkangoima paliponse, ine ndikuchonderera kondakitala kuti tiyeni tizipita.

Mwana ndinamupeza mu ofesi ya ahedi. Mphunzitsi wake anati kunabweradi amalume a galimoto, koma anawakaniza ataona mwanayo akubisala kumbuyo kwake. Bambo uja sindinamuonenso, ndipo ku Woodlands palibe ankamudziwa. Kaya mapepalawo anali ondichenjeza kapena ondiseka, sindidziwa.

Achibale amati zinali za usatana. Ine ndimakhulupirira kuti wina wa m'nyumba ndiye ankamuuza zonse, poti mlamu wanga wamkazi yemwe tinkagona naye chipinda chimodzi anasamuka sabata yomweyo osatsanzika. Amayi anzanga, kasiyeni mawu kusukulu oti ndani yekha angatenge mwana wanu, ndipo muzisamala ndi munthu amene mumavula pamaso pake.