Ulemu Unandithyola Phewa

Phewa langa lamanja linathyoka chifukwa ndinalephera kukuwa liwu limodzi pamaso pa munthu wamkulu. Ndikudziwa kuti ena museka. Sekani ndithu, inenso masiku ena ndimaseka. Koma inu owerenga, makamaka inu amene mukulera ana kunja kuno, werengani mpaka kumapeto, chifukwa phewa limenelo ndi limene linkanditengera ku ligi yaikulu ya besibo ku Amereka.

Ndinabwera ku Doha ndili mwana wa pulayimale. Bambo anga, a ku Mchinji, anapeza ntchito ya mu labu pa chipatala china, ndipo tinkakhala m'fulati ya ku Bin Mahmoud, pamwamba pa lesitilanti ya Amwenye. Kunja kunali Qatar, koma ukangotseka chitseko unali ku Mchinji. Mkulu akamalankhula umayang'ana pansi. Mkulu akatambasula dzanja kuti atenge nthuli m'mbale, iwe umabweza lako. Mawu sukweza. Bambo ankati ana a anthu akuwonongeka kuno chifukwa amayankha makolo ngati anzawo, ndipo analumbira kuti wawo sadzatero. Anakwanitsa ndithu.

Amene anandionetsa besibo ndi a Tembo, bambo a ku Chipata amene tinkapemphera nawo. Anali dalaivala wa banja lina la Aamereka m'kampaundi ya ku Al Waab, ndipo Lachisanu lililonse, tsiku lopuma kuno, ankaperekeza ana a abwana awo ku masewera. Atatopa kudikira m'galimoto anayamba kutolera mipira, kenako anazemberamo n'kukhala m'timu ya akuluakulu. Ine ndinkawatcha amalume. Tsiku lina tikuweruka ku tchalitchi anandikoka khutu.

“Iwe mwana, yalla, fulumira, tiye ku filudi. Wikendi yonse m'fulati, uzanenepa ngati pusi wa madamu.”

Kwa inu amene simunaonepo masewerawa, ndifotokoze pang'ono. Wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga. Mpirawo ndi waung'ono ngati lalanje koma wouma ngati mwala. Kutali, kumapeto kwa bwalo, kumaima anthu atatu, wina kumanzere, wina pakati, wina kumanja, aliyense ndi gulovu yake yachikopa. Ntchito yawo ndi kuwakha mpira wouluka usanagwe pansi ndi kuuponya mwamphamvu kumene wothamanga akupita. Tsono mpira ukakwera m'mwamba maso onse amakhala kumwamba, ndiye mnzako sumuona, umangomumva. N'chifukwa chake pali lamulo loti amene akuutenga akuwe kuti ndi wake, winayo apatuke. Ndipo wapakati akakuwa, nkhani yatha.

Ine anandiika pakati chifukwa ndinali ndi liwiro. Nditakula pang'ono anandilowetsa m'timu ya akuluakulu, a Tembo ali kumanzere kwanga. Vuto linayambira pamenepo. Mpira ukabwera pakati pa ine ndi munthu wakumanja ndinkakuwa, ngakhale monong'ona. Ukabwera pakati pa ine ndi a Tembo ndinkachepetsa liwiro n'kukhala chete, iwo n'kuutenga, nthawi zina n'kuugwetsa. Kodi ndikanatsegula bwanji pakamwa n'kuuza munthu wa msinkhu wa bambo anga kuti wanga, chokani? Zinali ngati kuwalanda nthuli m'dzanja. Tinasewera choncho kwa zaka, mpaka kukhala chete kwanga kunasanduka mawu. Kunkatanthauza kuti tengani amalume.

Kochi wathu, Mvenezuela wina wa ku kampani ya gasi, anazindikira. Ankandiuza kuti miyendo ndili nayo, mkono ndili nawo, chimene ndinaiwala kunyumba ndi pakamwa. Ine ndinkangomwetulira n'kuyang'ana pansi, zimene zinkamupsetsa mtima kwambiri. Komabe ndi yemweyo amene anatumiza mavidiyo anga kwa mnzake wofufuza anyamata aluso. Munthuyo anandiitanira ku mayeso kunja, anandiona ndikuponya mpira kuchokera kumpanda mpaka pamene wothamanga amagoletsera, osagunda pansi, ndipo ananditenga kuti ndikasewere ku Amereka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, anatero bambo pondiperekeza ku eyapoti.

Njira yopita ku ligi yaikulu ili ngati makwerero. Umayambira ku timu yaing'ono ya m'tauni yosadziwika, malipiro ochepa, maulendo a basi osatha, buledi ndi chiponde. Ukachita bwino amakukweza pa ina, kenako ina, ndipo ambiri amathera panjira. Kumeneko kulibe amalume. Sabata yoyamba kochi wina anandiimika pafupi ndi mpanda n'kundiuza kuti ndiukuwire mpaka umve. Ndinasasa mawu, anzanga akufa ndi kuseka, koma ndinaphunzira. Miyendo yanganso inaphunzira kuti mpira uliwonse umene ingaupeze ndi wanga, palibe kuchepetsa liwiro. Chaka chimenecho ndinasewera bwino, ndipo pomaliza anandiuza kuti ndikabwera kutchuthi ndikwera pa timu yotsatira. Pamwamba panali pakadali patali, koma pankaoneka.

Ndinabwera ku Doha nyengo yozizira kudzaona makolo. A Tembo anali atalengeza kale kwa aliyense, ngakhale kwa mlonda wa pa geti, kuti mwana wawo wa ku Amereka wabwera. Anandipempha kuti ndisewere nawo kamodzi Lachisanu masana, pamalo anga akale, anthu aone. Sindinaganize zokana. Anali masewera ocheza, a anthu a mimba zawo, azimayi akugawa masamusa kumbali.

Chapakati pa masewerawo Mfilipino wina anamenya mpira wautali, unakwera n'kumatsikira pakati pa ine ndi a Tembo. Ndinauona bwinobwino ndipo ndinadziwa kuti ndi wanga. Miyendo inanyamuka ngati mmene anaiphunzitsira ku Amereka. Pakamwa ndiye panabwerera ku Mchinji. Liwu linafika pakhosi, ndinakumbukira kuti amene ali kumanzereko ndi amalume, ndipo ndinalimeza. A Tembo anamva zii, ndipo zii ameneyo ankamudziwa tanthauzo lake kuyambira kale. Anabwera ndi thupi lonse, maso kumwamba. Tinawombana. Ine ndinagwera phewa lamanja, iwo anagwera pa ine.

Iwo anaguluka dzino limodzi. Ine fupa linathyoka ndipo minyewa ya m'phewa inang'ambika. Kupweteka kwake sindifotokoza, aliyense anapwetekapo. Chimene ndimakumbukira n'chakuti ndili gone pa udzu ndinayamba ndi kuwapepesa.

Anandichita opaleshoni. Tsiku lotsatira a Tembo anabwera kuchipatala, mlomo uli wotupa, atanyamula jumbo ya malalanje. Anakhala pambali pa bedi langa. Kenako anandifunsa chifukwa chimene sindinakuwire. Ndinayankha kuti sindikanatha kuwakuwira iwo.

“Iwe,” anatero, “zaka zonse zija nenze kuyembekeza tsiku lamene uzanithamangitsa pa mpira. Nenze kufuna niuze anthu kuti mwamumva? Wakula uyu. Manje taona.”

Bambo anga anali pa mpando chapafupi ndipo anamva zonse. Anatenga lalanje n'kuyamba kundisendera, chinthu chimene sanandichitirepo chibadwire. Nkhaniyi sitinaikambepo mpaka lero.

Timu ya ku Amereka ija inandidikira ndipo sindingainenere zoipa. Ndinabwerera phewa litapola, ndinachita mafizo onse amene anandiuza. Kuthamanga kunalipo, kuwakha kunalipo, kukuwa ndiye musanene. Koma mpira umene kale unkafika osagunda pansi tsopano unkadumpha kawiri, wothamanga n'kudutsa akuyenda. Munthu wa kumapeto kwa bwalo wopanda mkono ali ngati njinga yopanda tcheni. Anandiitana mu ofesi, anandithokoza mwaulemu, ndinabweza yunifolomu. Mnyamata amene tinkagona chipinda chimodzi, amene ndinkamuposa kuponya, anakwera makwerero onse. Ndimamuonera pa foni nthawi ya buleki. Nsanje imandigwira, sindibisa, koma imatha msanga.

Panopa ndimagwira ntchito mu jimu ya hotelo ina ku Al Dafna. Ndimaonetsa alendo kagwiritsidwe ntchito ka makina ndi kupinda matawulo. Matawulo a pa shelefu ya pamwamba ndimatsitsa ndi dzanja lamanzere. Moyo si woipa, ndimadya, ndimagona, ndimakwera sitima ya metro ngati wina aliyense.

Inu owerenga, musandimve molakwa. Sindikunena kuti ana asiye ulemu. Ine mpaka lero ndikamapereka kapu ya madzi kwa a Tembo ndimagwira ndi manja awiri. Chimene ndikunena n'chakuti tinaphunzitsidwa nthawi yokhala chete, koma palibe anatiphunzitsa nthawi yokuwa. Akuluakulu omwewo ndi amene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma mwambi umenewu kwathu sunkatchulidwa. Pali ntchito zina zimene wamng'ono akaona chinthu ayenera kukweza mawu pomwepo, kaya amene ali patsogolo pakeyo ali ndi imvi. Mwana wanu adzakhala namwino pafupi ndi dokotala wamkulu, kapena adzakhala pansi pa kireni yonyamula katundu imene akuyendetsa munthu wa msinkhu wanu. Ngati munamuphunzitsa kumeza mawu basi, tsiku lina adzameza pamene samayenera kutero. Ndipo inu achinyamata, ngati ntchito ndi yanu, nenani mokweza kuti ndi yanu. Kupepesa mudzapepesa pambuyo pake, muli ndi mapewa onse awiri.

Lachisanu ndimaphunzitsa ana pabwalo lomwe lija. A Tembo anasiya kusewera, mawondo anawakana, koma amabwera. Ntchito yawo ndi imodzi. Amaima kumanzere ndi gulovu yawo yakale, ine ndimamenya mpira m'mwamba, ndipo mwana aliyense ayenera kuwakuwira kuti apatuke. Ana a Azungu ndi Aluya savutika. Amene amavuta ndi athu. Posachedwapa kunabwera kamtsikana ka mayi wina wa ku Lilongwe, kaliwiro ngati mphepo. Mpira utakwera kanathamanga, kanafika pafupi, kenako kanaima n'kunena chapansipansi kuti pepani ankolo.

A Tembo anausiya mpira uja kugwa pansi. Anakaonetsa mpata wa dzino lawo, kenako analoza phewa langa.

“Bwerera,” ndinakauza. “Sitichoka pano mpaka amalumewa atathawa.”